Kodi digiri ya kompyuta iziphunzitsa chiyani kwenikweni?

Chaka chatha kuntchito kwathu kunabwera mnyamata wa attachment, wa third year pa yunivesite ina konkuno, wanzeru komanso wakhama moti 7 koloko inkamupeza ali kale pa desiki. Tinamupatsa kantchito kooneka kophweka, kuti alembe kapulogalamu kotenga mndandanda wa anthu omwe alipira mwezi umenewo nkuufananitsa ndi mndandanda wa makasitomala onse, tione amene sanalipire. Anakalemba tsiku limodzi basi, ndipo pa laputopu yake ndi mayina 200 oyesera kankatha munthu usanaphethire. Titakapatsa data yeniyeni, mayina ngati 300,000 mbali iliyonse, kanayamba cha m'ma 8 ndipo tinapita ku lanchi nkubwerako kakadali kuzungulira. Ndinakhala naye pansi nkutsegula khodi ija. Zomwe anachita nzakuti dzina lililonse la mndandanda woyamba ankaliyendetsa mu mndandanda wonse wachiwiri kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndiye 300,000 kuchulukitsa ndi 300,000 ndi kufananitsa ka 90 biliyoni. Tinasintha mizere itatu yokha, mndandanda wachiwiri uja tinauika mu hash set, kasungidwe ka data komwe kamapeza dzina pompopompo osayenda mndandanda wonse, kanatha m'masekondi ochepa. Mnyamata uja anangoti phee kuyang'ana sikirini, kenako anati, "Akulu, izi tinaphunzira second year, mayeso ake ndinakhoza bwinobwino, koma sizinandibwerere kuti ndi zomwezija."

Mawu amenewa sanandichoke m'mutu chifukwa akuyankha mkangano womwe ndimaumva pafupifupi paliponse pomwe anthu a IT akumana. Ena amati mayunivesite achulutsa theory, ana aziphunzitsidwa ma framework, zida zopangidwa kale zomangira mapulogalamu, ngati React, Laravel, Flutter, zinthu zomwe mabwana akufuna lero lomwe. Ena amati ayi, framework ndi zinthu zamumsika, zimabwera nkupita, yunivesite si malo ophunzirira zimenezo. Ine ndikuona kuti onse awiri akuphonya. Mnyamata uja theory anali nayo, kulemba khodi ankathanso, koma zinthu ziwirizi zinaphunzitsidwa ngati anthu osadziwana, china m'kalasi la Lachiwiri papepala, china mu labu Lachisanu, ndipo palibe tsiku lomwe munthu anamupatsa vuto lalikulu loti ziwirizi zikumane m'manja mwake. Ndiye pokamba za zomwe ziyenera kukhala mu digiri, funso langa pa kosi iliyonse ndi loti, kodi mwanayu adzaigwira liti ndi manja, ndipo idzamupulumutsa ku ngozi iti.

Tiyambe nkusiyanitsa mayina awiriwa, computer science ndi software engineering, chifukwa anthu amawasakaniza. Computer science imafunsa kuti ndi mavuto ati omwe makina angathe kuwathetsa, ndipo pa nthawi yaitali bwanji. Inayamba ngati masamu, makompyuta amagetsi omwe tikuwadziwawa asanapangidwe nkomwe. Mu 1936 Alan Turing anaonetsa kuti pali mafunso ena omwe palibe pulogalamu yomwe ingawayankhe nthawi zonse, mwachitsanzo kuuza ngati pulogalamu ina iliyonse idzamaliza kapena idzazungulira mpaka kalekale. Software engineering inabadwa mochedwa ndipo inabadwa ndi misozi. Mu 1968 NATO inasonkhanitsa akatswiri ku Garmisch ku Germany chifukwa mapulogalamu akuluakulu ankachedwa kutha, ankadya ndalama zopyola bajeti, ndipo akatha ankakhala odzaza ndi zolakwika. Funso lawo linali lina, kuti anthu ambiri angamange bwanji limodzi chinthu chachikulu choti chikhale zaka chikugwira ntchito. Chaka chomwecho bungwe la akatswiri a makompyuta la ACM linatulutsa malangizo oyamba otchuka a zomwe digiri ya computer science izikhala nazo, ndipo akhala akuwakonzanso, atsopano ndi CS2023 omwe ACM inalemba limodzi ndi mabungwe ena awiri a akatswiri, IEEE Computer Society komanso AAAI. Ndikutchula izi pofuna kuonetsa kuti amene akukonza makosi ku UNIMA, MUBAS, MUST kapena Mzuni sakuyambira pa zero, maziko alipo. Kusiyana kwa madigiri awiriwa kuzikhala kumapeto. Zaka ziwiri zoyambirira zizifanana kwambiri.

Chaka choyamba ndi kulemba khodi, tsiku lililonse, mpaka zala zizolowere. Anthu amalimbana kuti chilankhulo choyamba chikhale Python kapena Java, ine sindikuona kuti ndi nkhani yoti tidane nayo. Chomwe ndimakakamira nchoti mwana asamalize digiri akudziwa mtundu umodzi wokha, ndipo adutseko mu C. Python imakusamalira ngati mayi, imakugawira memory, imakutsukira mbale ukamaliza. C, yomwe Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs cha mu 1972, imakusiya wekha, ukapempha malo a zinthu 10 nkuikamo 11 sikuletsa, imangokusiya uwononge zomwe zili pafupi. Pamenepa mpomwe munthu amamvetsa kuti nambala mu kompyuta ili ndi malire. Pa 4 June 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika patangodutsa masekondi osakwana 40 itanyamuka, chifukwa khodi yomwe anaitenga ku Ariane 4 inayesa kuika nambala yaikulu ya 64-bit m'kabokosi ka 16-bit komwe nambala yaikulu yomwe kangasunge ndi 32,767. Pa roketi yakale nambalayo sinkafika pamenepo, pa yatsopano yothamanga kwambiri inapyola. Mwana amene analembapo C nkuona nambala ikusefukira pa sikirini yake amaimva nkhaniyi m'thupi.

Masamu ndi omwe amathamangitsa ana ambiri, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala loti palibe amene anawauza kuti ndi a chiyani. Masamu ofunika kwambiri kuno ndi discrete mathematics, kutanthauza logic, ma set, ma graph, kuwerengetsa njira zomwe zinthu zingasanjidwire, ndi kutsimikizira kuti mfundo ndi yoona pa nambala iliyonse osati pa zitatu zokha zomwe wayesa. If statement iliyonse ndi logic. Query iliyonse ya SQL, funso lomwe umafunsa database, ndi ma set. Misewu ya kuchokera ku Karonga kukafika ku Nsanje ndi graph, mizinda ndi timadontho, misewu ndi mizere yolumikiza, ndipo njira yopezera ulendo waufupi yomwe Edsger Dijkstra anasindikiza mu 1959 ndi yomwe ma router ambiri amagwiritsabe ntchito posankha kodutsitsa data. Masamu a zotsala pogawa manambala, omwe amaoneka ngati masewera, ndi omwe ali pansi pa RSA ya mu 1977 yotetezera mauthenga. Probability ndi linear algebra zizikhalaponso chifukwa popanda izi machine learning, kuphunzitsa makina kuchokera ku data, imangokhala kuitana library yomwe sukuimvetsa. Lekichala akamaphunzitsa mutu uliwonse wa masamu azimaliza nkupereka asainimenti yoti ana aulembe mu khodi sabata yomweyo.

Data structures ndi algorithms, kutanthauza kasungidwe ka data ndi njira zothetsera mavuto, ndaonetsa kale kufunika kwake pa nkhani ya mnyamata uja. Ndingowonjezera chitsanzo chimodzi, ukakhala ndi mayina 20 miliyoni osanjidwa bwino kuyambira A mpaka Z, nkumatsegula pakati nkutaya theka lomwe mulibe dzinalo, umalipeza utayesa ka 25 kokha kapena kuchepera. Ukapanda kudziwa izi umayenda mayina onse 20 miliyoni. Kosi iyi mayeso ake asamakhale apapepala okha, mwana apatsidwe fayilo ya mizere 1 miliyoni ndi wotchi.

Pomwe ndikufuna kukhazikika ndi pa ma system, chifukwa apa mpomwe ndimaona mpata waukulu mwa ana omwe amabwera kwathu. Ndikunena za momwe purosesa imagwirira ntchito, operating system, netiweki ndi database. Tiyerekeze mukutumiza K20,000 kwa amayi kumudzi pa Airtel Money kapena Mpamba. Kumbuyo kukuchitika zinthu ziwiri, kuchotsa ndalama kwa inu ndi kuika kwa iwo. Nanga seva ikazima pakati, kuchotsa kwachitika koma kuika kusanachitike, ndalama ija ili kuti? Yankho la database ndi transaction, kuti zinthu ziwirizi zichitike zonse kapena zisachitike zonse, palibe zapakati. Chabwino, nanga zonse zachitika koma uthenga wotsimikizira sunafike pa foni yanu chifukwa netiweki yadula, inu nkudinanso kachiwiri? Pulogalamu yolembedwa mosasamala itumiza K40,000. Yolembedwa bwino imapatsa pempho lililonse nambala yake, ikaona nambala yomweyo yabweranso imangoyankha kuti zinatheka kale, osachotsanso. Nanga anthu awiri akutapa mu akaunti imodzi nthawi imodzimodzi, onse awerenga kuti muli K50,000, onse atapa K40,000? Iyi ndi race condition, ndipo si nkhani ya ndalama zokha. Pakati pa 1985 ndi 1987 makina ochizira khansa a Therac-25 anaotcha odwala ku America ndi ku Canada ndi mphamvu yopyola muyeso, ena anamwalira, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chimenechi, wogwiritsa ntchito makina akasintha zomwe walemba mwachangu kwambiri, mbali ziwiri za pulogalamu zinkasemphana. Zolakwika zamtundu uwu sizioneka pa laputopu ya munthu mmodzi, zimabisala mpaka tsiku lomwe anthu achuluka.

Ndiye kosi ya database isathere pojambula ma ER diagram ndi kuloweza first, second, third normal form. Ganizo la Edgar Codd la mu 1970 losunga data m'matebulo olumikizana liphunzitsidwe bwino inde, koma mwana aonenso index, kalozera wofulumizitsa kufufuza, ikusintha query ya miniti yathunthu kukhala yosakwana sekondi, atsegule ma terminal awiri nkudzionera yekha ma transaction akulimbana, apange backup kenako afufute database yonse nkuibwezeretsa. Kosi ya netiweki isathere pa kutchula ma layer 7 a OSI. Alembe kapulogalamu kotumiza fayilo pa makompyuta awiri, lekichala nkusolola waya pakati, tione ngati kapitiriza pomwe kanalekera.

Apa mpomwe malo athu akulowera, ndipo si chinthu chochititsa manyazi. Mabuku ambiri amalembedwa ndi anthu omwe amaganiza kuti magetsi ndi intaneti zilipo nthawi zonse. Ife timalemba mapulogalamu a munthu amene bandulo yake ndi ya tsiku limodzi, foni yake ndi ya mabatani ndipo amadalira USSD yomwe imadula ukachedwa kuyankha, a chipatala cha kumudzi komwe netiweki imabwera madzulo okha. Kupanga pulogalamu yogwira ntchito popanda intaneti nkudzagwirizanitsa data ikabwera ndi vuto lovuta la computer science yeniyeni, chifukwa anthu awiri akhoza kusintha rekodi imodzi m'malo awiri osaonana, ndiye usankha ya ndani? Anthu a Baobab Health atayamba ntchito yawo ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamanga system ya zipatala pa makina a touchscreen osadya magetsi ambiri, oti wogwira ntchito m'chipatala amene sanagwirepo kiyibodi athe kugwiritsa ntchito wodwala ali pamaso pake. Nkhani ngati imeneyi iziphunzitsidwa m'kalasi pafupi ndi nkhani za Google ndi Amazon.

Chitetezo chisakhale kosi imodzi ya fourth year yomwe ena amaidumpha. Chizilowa paliponse, pa tsiku lomwe mwana waphunzira kulemba fomu ya login aphunzirenso kuti pasiwedi sisungidwa momwe ilili, imasungidwa itasandulizidwa ndi hash kuti isawerengeke, komanso aone ndi maso ake momwe SQL injection, njira yozembetsera malamulo mu database, imatsegulira tebulo lonse kudzera pa kabokosi kolembamo dzina. Tonse tikukumbukira Cashgate ya mu 2013, momwe ndalama za boma zinatulukira kudzera mu IFMIS, system ya boma yoyendetsera ndalama, ndipo ma transaction ena anafufutidwa mu system. Kuba kunali kwa anthu, koma funso la injiniya liliponso, kodi ndani ali ndi mphamvu yofufuta, kodi kufufutako kumasiya phazi pena pake pomwe wofufutayo sangafike, kodi amene walemba malipiro ndi yemwenso angawavomereze? Izi zimatchedwa access control ndi audit trail, ndipo mwana wa digiri azitha kuzimanga. Aziwerengakonso Electronic Transactions and Cyber Security Act ya mu 2016 ndi Data Protection Act ya mu 2024, chifukwa data ya odwala kapena ya makasitomala ikatayika pali lamulo lomwe limufunse.

Tsopano software engineering yeniyeniyo, yomwe m'malo ambiri imasanduka kuloweza waterfall, spiral ndi agile nkujambula UML. Ntchito yomwe munthu amaipeza akalembedwa ndi ina. Sapatsidwa tsamba loyera, amapatsidwa khodi ya mizere masauzande yolembedwa ndi munthu amene anachoka kale, yopanda documentation, nkuuzidwa kuti lipoti la kumapeto kwa mwezi likutulutsa manambala olakwika, peza chifukwa ndipo usaphwanye zina. Luso lowerenga khodi ya munthu wina ndi lomwe timagwiritsa ntchito kwambiri, koma ndi lomwe siliphunzitsidwa nkomwe. Pamwamba pake pakhale Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa khodi, chomwe Linus Torvalds analemba mu 2005, kuyambira semesita yoyamba, asainimenti iliyonse iziperekedwa kudzera momwemo osati pa flash. Pakhale kulemba ma test, khodi yoyesa khodi inzake, kuti ukasintha chinthu lero udziwe pompopompo chomwe chasweka. Pakhale code review, kuzolowera kuti mnzako akuuze kuti apa walakwitsa iwe osakwiya. Pakhalenso momwe pulogalamu imatulutsidwira kwa anthu pang'onopang'ono. Pa 19 July 2024 update imodzi yolakwika ya kampani ya zachitetezo cha makompyuta ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege zinaima, zipatala ndi mabanki zinasokonekera, ndipo phunziro lalikulu linali loti chinthu chotere chimayamba chapita kwa ochepa, muone kaye, kenako kwa onse.

Palinso kumvetsera munthu amene akufuna pulogalamuyo, chomwe chimaoneka chaching'ono koma chimapha mapulojekiti ambiri. Ndinakhalapo ndi mayi wina wosunga mabuku a gulu la banki mkhonde amene ankafuna kuti zowerengetsa zake zilowe mu foni. Ankanena kuti akufuna kulemba ngongole ndi kubweza basi. Nditakhala pa msonkhano wawo umodzi ndinaona zomwe sananene, pali chindapusa cha wochedwa, pali ndalama ya zadzidzidzi yomwe sibwereketsedwa ndi chiwongoladzanja, pali munthu wobweza theka lero theka sabata yamawa, pali wotumiza mwana wake kudzamuperekera. Kwa iwo izi nzodziwikiratu moti sankaona chifukwa chozitchulira. Mwana wa software engineering azitumizidwa kumalo ngati amenewa ndi kope, afunse m'Chichewa kapena Chitumbuka, abwere alembe zomwe wamva momveka bwino, abwererenso kukawawerengera kuti amuuze pomwe sanamvetse. Kulemba ndi kulankhula momveka ndi gawo la ntchitoyi.

Kosi ya makhalidwe abwino pa ntchito ana ambiri amaitenga ngati yopumulira, ine ndingaiphunzitse ndi nkhani imodzi ya ku Britain. Kuyambira 1999 mpaka 2015 anthu oposa 900 oyendetsa mapositi ofesi anaimbidwa milandu ya kuba ndi chinyengo chifukwa system ya Horizon yomwe inapangidwa ndi Fujitsu inkaonetsa kuti ndalama zasowa, pomwe nthawi zambiri inali pulogalamu yomwe inkalakwitsa. Ena anamangidwa, ena anataya nyumba, ena anamwalira dzina lawo lisanayeretsedwe. Panali anthu odziwa kuti system ili ndi zolakwika. Funso loti mwana alimbane nalo ndi loti iwe ukanakhala injiniya wodziwa zimenezo, bwana nkukuuza kuti khala chete, ukanatani, ukanalembera ndani, ukanasunga umboni wanji.

Nkhani ya AI sitingaithawe. Kuyambira pomwe ChatGPT inatuluka kumapeto kwa 2022, asainimenti zambiri za first year makina akhoza kuzilemba okha. Kuletsa sikutheka ndipo kuntchito tikuigwiritsa ntchito kale. Chomwe chasintha nchoti luso loweruza khodi lakwera mtengo, chifukwa makinawa amalemba molimba mtima olo pomwe alakwitsa, ndipo amene sadziwa transaction kapena race condition sangaone kuti chomwe wapatsidwa chili ndi dzenje. Ndiye mayeso azikhala oti mwana akhale pamaso pa lekichala, afotokoze mzere uwu ukuchita chiyani, kenako auzidwe kuti sintha apa tione. Kosi ya machine learning ikhalepo ndi masamu ake, ndipo mapulojekiti ake atha kukhala a zilankhulo zathu zomwe. Mawu amodzi ngati "sindidzakuuzaninso" anyamula kukana, wolankhula, nthawi yamtsogolo, wouzidwa, ulemu ndi kubwereza, zonse pamodzi, ndipo zida zambiri zopangidwira Chingerezi zimawadula molakwika. Mwana amene anakula akulankhula chilankhulochi ali ndi mwayi womwe wa ku California alibe.

Kuti zonsezi zikwane pafunika kuchotsa zina. Semesita yathunthu ya Word ndi Excel, kuloweza mibadwo ya makompyuta ndi zaka zake, kulemba khodi yaitali papepala nkuchotsedwa malikisi chifukwa cha semicolon, izi zitha kupita kapena kufupikitsidwa kukhala masabata awiri a amene sanagwirepo kompyuta, chifukwa ana otere alipo ambiri ndipo sayenera kusiyidwa mmbuyo. Ma framework alowe ngati chida cha pulojekiti, lekichala asankhe yomwe ikugwiritsidwa ntchito nthawi imeneyo, ikatha fasho asinthe, koma isakhale mutu wa kosi.

Chomwe ndingasinthe koyamba nditapatsidwa mpata ndi pulojekiti ya chaka chomaliza. Pano zomwe zimachitika nzoti gulu la anthu asanu limapanga student management system kapena library system yomwe inapangidwa kale chaka chatha ndi chaka chinacho, mmodzi amalemba khodi yonse ena anayi nkuika mayina, amaionetsa tsiku limodzi ndi data ya anthu 10, ikatha presentation imafera pa laputopu. Ine ndikanakonda dipatimenti ikhale ndi ma system angapo enieni omwe anthu akugwiritsa ntchito, kaya ndi yobukitsira malo ku hostel, kaya ya sukulu ya sekondale yapafupi, kaya ya kopaletivu ya alimi, ndipo kalasi iliyonse izilandira kuchokera ku kalasi yomwe yatuluka. Masabata oyamba azikhala ongowerenga ndi kuyesa kuti iyake pa makina awo. Kenako alandire madandaulo enieni a ogwiritsa ntchito, akonze, awonjezere chinthu chimodzi chatsopano, alembe ma test, aitulutse, ikagwa Loweruka usiku akhale ndi ndandanda yosonyeza amene adzuke kukaiona. Mbiri ya mu Git izionetsa amene anagwira ntchito ndi amene anangokwera nawo. Malikisi ena aziperekedwa ndi ogwiritsa ntchito aja, ndipo ena aziperekedwa patatha miyezi ndi kalasi yotsatira, potengera masiku omwe zinawatengera kuti amvetse khodi yomwe anasiyiridwa.